Galimoto Inamwera Kuti Madzi?

Pa zaka khumi ndi ziwiri zimene ndakhala ndikufufuza milandu, ndaonapo anthu akulirira ng'ombe, ukonde, njinga, ngakhale mkazi wa mwini. Wolirira injini ndinamuona koyamba Lolemba lina mwezi wa February, kuno ku Mangochi, mvula itatikhalira sabata yathunthu.

Anali Sameer, mwana wa Che Jaffalie, mnyamata wa zaka makumi atatu amene anakhalitsa ku Joni n'kubwerako ndi galimoto yofiira ya zitseko ziwiri, yaifupi ngati ikukwawa. Tauni yonse inkaidziwa ndi kulira kwake isanatulukire pakona. Tsikuli inali phee pabwalo la simenti kunyumba kwawo, boneti ili yasa, mwiniwake akuizungulira manja ali kunkhongo.

"A Sajeni Ndaona, onani nokha," anatero. "Loweruka ndabwera kuchokera ku Makanjira, ndikuti ndiilize, yangoti gwa. Ndinaitana makaniko wina, anachotsa mapulagi, ndipo m'mabowomo munatuluka madzi. Akuti mkati mwapindika. Injini yafa."

"Madziwo analowamo bwanji?"

"Anathiridwa. Ndi Manuel."

Manuel ndinkamudziwa. Ndi makaniko wa galaja ya kuseri kwa msika, munthu wosalankhulalankhula, amene anachokera ku Mozambique ali mwana, nthawi ya nkhondo. Anzanga anali atamutsekera kale Lamlungu pa mlandu woononga katundu mwadala, ndipo fayilo inagwera ine.

"Ndinaitanitsa zipangizo ku Joni," Sameer anapitiriza. "Paipi yonyezimira ndi eyakilina yake, chosefera mpweya chija, kuti injini izikoka mpweya wozizira, izithamanga bwino. Lachitatu ndinapita nazo kwa Manuel. Iye m'malo mogwira sipanala anayamba kundilalikira, ati zimenezi si za kuno. Ndinamuuza kuti sindinabwere kusukulu. Ndiye pamaso pa madalaivala onse aja anati, 'Galimoto iyi idzamwa madzi.' Lachitatu limenelo. Pofika Loweruka yamwadi. Inu mukuti chiyani?"

"Mwina ndi mneneri," ndinatero.

Sanaseke. Eni magalimoto oterewa nthabwala amazisiya pageti.

Makiyi anali awiri. Wina anatsala kwa Manuel, amene ankayenera kudzaonanso ngati paipi ija yakhazikika. Wina ankakhala pamsomali kuseri kwa chitseko cha pabalaza, ndipo pobwera Sameer anapeza akadali pomwepo. Iye anachoka Lachinayi pa lole kukagula usipa, chifukwa msewu wa ku Makanjira nyengo ino si wopitako ndi galimoto yokwawa. Analumbira kuti yofiirayo sinatuluke pageti. Anaisiya pomwepo, anaipeza pomwepo, ili yoyera bwinobwino.

Ndinagwada n'kupisa dzanja kuseri kwa bampala, pamene anandilozera. Chosefera chija chinali pansi penipeni, chikadali chonyowa. Nditatulutsa dzanja, zala zanga zinali ndi mchenga wofiirira komanso timasamba ta bango.

Podzuka ndinaona mwala. Unali kuseri kwa tayala lakumbuyo, woukankhira bwino ndi phazi, pabwalo lathyathyathya pamene ngakhale botolo silingagubuduke.

"Handibuleki sigwira?"

Sameer anandiyang'ana ngati ndatukwana mayi ake. "Imagwira."

"Nanga mwala uwu?"

"Kaya. Galimoto yanga si ngolo yoikira miyala."

Potuluka ndinapereka moni kwa bambo okalamba amene anakhala pakhonde la nyumba yakuseri, atavala kofia yoyera, akusuntha mikanda yopempherera ija ya tasibihi. Anali Che Jaffalie. Anayankha mwaulemu, maso ali kwina. Ine nzeru zanga zinali pa zala zanga zija. Munthu wothira madzi ndi chigubu sathiramo bango. Galimoto imene mwiniwake ankalumbira kuti sinatuluke pageti inali itapita kumtsinje.

*

Pageti la polisi ndinakumana ndi Lusia, mkazi wa Manuel, atanyamula kontena ya chakudya. Sanadikire kuti moni uthe.

"Amayi, m'mawa uno eni maminibasi atatu abwera kudzachotsa galimoto zawo pagalaja. Wina wachita kuikankha, injini ili yomasula. Akuti sangasiye galimoto kwa munthu wothira madzi. Zaka makumi awiri bambo a kwathu akumanga dzina limeneli. Ife kuno tilibe munda, tilibe bwato. Tili ndi dzinalo basi."

"Lachisanu anali kuti?"

"Analandira foni masana, anatenga kapikapu kawo n'kupita. Anabwera atanyowa. Ndikafunsa amangoti zisiye."

Manuel ndinayamba naye pa zimene amakonda, chifukwa munthu wosalankhula umamulowera pa ntchito yake.

"Tandiphunzitsani za paipi ija. Ine kusukulu ndabwera."

Anamwetulira pang'ono, n'kuika manja ake akuda ndi oilo patebulo. "Injini imapuma ngati ife, amayi. Opanga galimoto amaika mphuno yake m'mwamba, pafupi ndi boneti, m'kabokosi. Zimene anabweretsa a Sameer zimatsitsa mphunoyo pansi, kuseri kwa bampala, chifukwa mpweya wa pansipo ndi wozizira. Liwiro limawonjezekadi pang'ono, ndipo kulira kwake kumakoma. Ku Joni n'zabwino, kumene amayenda n'kwa tala yekhayekha. Koma kuno madzi ongofika apa," anagwira pamsongolo pake, "yamwa. Ndipo madzi sapanikizika ngati mpweya. Pisitoni ikawakankha, chitsulo ndi chimene chimagonja."

"Ndiye munaikiranji?"

"Galimoto ndi yawo. Ndinawachenjeza. Anati wothawa nkhondo angadziwe chiyani za galimoto zotere. Ndinamanga mmene anafunira."

"Ndipo munati idzamwa madzi."

"Ndinatero."

Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza kutsogolo. Mlomo wa Manuel unali utamupeza patangotha masiku atatu.

"Lachisanu masana anakuimbirani ndani?"

Kumwetulira kuja kunazima. "Kasitomala."

"Dzina lake?"

"Ndaiwala."

"Galimoto ija inalowa mumtsinje, a Manuel. Ndagwira mchenga wake. Munaiyendetsa ndinu?"

Anayang'ana manja ake nthawi yaitali. "Lembani kuti ndine. Paipi ndinamanga ndine. Ngati pali wolakwa, ndi amene anamanga."

"Mukudziwa kuti mlandu uwu ndi wa ndende? Mukudziwa kuti pagalaja panu patsala mbee?"

"Lusia wandiuza."

Kunena zoona zinandikwiyitsa. Wabodza wodziteteza ndimamumvetsa, ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Koma wabodza wodzimangirira yekha chingwe amanditopetsa, chifukwa amakhala akubisa munthu, ndipo munthuyo amakhala ali phee kunyumba kwake. Ndinatseka kope langa n'kumuuza kuti ndimupeza ndekha.

"Amayi," anandiitana ndili pakhomo. "Mukamupeza, musamufunse pagulu."

*

Mchenga wofiirira si wa kunyanja. Ndi wa timitsinje totsika m'mapiri a kum'mawa, ndipo kuchoka m'tauni kupita kumeneko njira ndi imodzi yokha, ya pa mlatho wa Shire. Pamenepo pamakhala anthu a njinga zamoto, ndipo wamkulu wawo ndi Wadi, bambo wa ana anayi amene pakamwa pake sipazizira.

"Madamu, mwafika pa ofesi yeniyeni," anatero akupukuta mpando wa njinga yake. "Ife pano ntchentche ikadutsa timadziwa kumene yagona. Yofiira ija? Lachisanu inadutsa kawiri. M'mawa cha m'ma leveni inalowera uko, koma ikuyenda ngati yanyamula mazira. Tonse tinati Sameer wadwala kapena? Iye uja pamlatho pano amadutsa ngati akuthawa apongozi."

"Munamuona woyendetsa?"

"Magalasi ake akuda aja, madamu, ungaone chiyani. Ndiye cha m'ma folo, chimvula chili pakati, ife tabisala pa shedi apa, tinangoona kapikapu ka Manuel kakubwera pang'onopang'ono, kumbuyo kakukoka yofiira ija pa chingwe."

"Manuel anali m'galimoto iti?"

"M'kapikapu. Ameneyo ndinamuona ndi maso angawa."

"Bwanji simunanene?"

"Anatifunsa ndani? Ife timayankha, sitilalikira." Anaseka, kenako anakweza chala. "Koma chimodzi ndikuuzeni. Ine ndinakhalako kondakitala, kukokana ndikukudziwa. Wakumbuyo akakhala wosadziwa, chingwe chimakhwefuka, chimagwedeza, pena kuduka kumene. Chija potsika mlatho chinali chokungika ngati cha gitala, kuyambira uko mpaka uko. Amene anagwira chiwongolero cha yofiira ija si mwana wamasewera."

Ndinaima pamlathopo kanthawi ndikuyang'ana madzi a matope akudutsa pansi. Galimoto yokokedwa imafuna anthu awiri, wina kutsogolo, wina kumbuyo. Wa kutsogolo ndinali naye mu selo. Ndinabwerera kunyumba kwa Sameer kukafunsa amene anatsala pakhomo tsiku limenelo.

*

Hidaya, mkazi wa Sameer, anandilandirira kukhitchini, mwana ali kumsana. Ndi mayi wolankhula motsitsa, woyeza mawu aliwonse asanawatulutse.

"Ine za magalimoto sindizidziwa, achemwali. Lachisanu ndinachoka m'mawa kupita kusikelo ya mwanayu, kenako ndinadzera kwa amayi anga kudikira kuti mvula ikate. Ndinafika kuno cha m'ma faifi. Ndinapeza a Manuel akutseka geti, buluku lili chonyowa mpaka m'maondo, matope ofiira. Galimoto inali pamalo pake, yotsukidwa. Ndinaganiza kuti anabwera kudzaona paipi yawo ija."

"Pakhomo panatsala ndani?"

"Apongozi anga okha. Koma nawonso anachoka. Kunagwa maliro ku Chowe, mnzawo wakale, Che Atumani. Uthenga unafika m'mawa womwewo, ndipo mukudziwa ife sitigoneka maliro. Ankaika itangotha swala ya Ijuma, pemphero lathu la Lachisanu kumzikiti."

"Anapita pa chiyani?"

Anasuntha mwana kumsana, ngakhale mwanayo anali mtulo. "Anati pa njinga yamoto."

"Iwo sayendetsa galimoto?"

"Kale. Anali dalaivala wa malole, zaka makumi atatu ndi zinayi. Makanjira, Chiponde, Namwera, konse. Madalaivala ambiri m'tauni muno anaphunzira kwa iwo, ngakhale a Manuel sipanala anaigwirira kwa iwo. Koma maso achita ng'ala. Chaka chatha anagunda chipilala cha geti, ndiye ana awo anakhala pansi n'kuwaletsa chiwongolero. Amuna anga ndi amene analankhula kwambiri tsiku limenelo."

"Madzulo a Lachisanu munawaona?"

"Ndinawapititsira chakudya. Chinabwerera mmene chinapitira. Ndinati ndi chisoni cha maliro." Kenako anawonjezera osandiyang'ana. "Mkanjo wawo ndinauchapa Loweruka. M'munsi munali matope ofiira. Sindinauze munthu, chifukwa mkamwana saona za apongozi."

Pakhonde la nyumba yakuseri panalibe munthu, anali atapita kumzikiti. Sindinawadikire. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo munthu wamkulu sumupitira ndi nkhani ya theka.

*

Mudzi wa malemu Che Atumani uli kuseri kwa Chowe. Umasiya tala n'kutsata njira ya dothi, ndipo usanafike pali kamtsinje kopanda mlatho, kodzala bango m'mbali. Wadi, amene ananditenga pa njinga yake, ananditsitsa pamenepo. Pamtunda, pansi pa mtengo wa mango, panakhala mayi wina wootcha chimanga, dzina lake Ajira. Chichewa chake chinali chokometsera ndi Chiyao, ndipo ankalankhula ndi manja omwe.

"Elo, amama, yofiira ija ndinaiona. Popita madzi anali m'kakolo, inadutsa bwino. Pobwerera mvula inali itagwa kumapiri, mtsinje wakwera. Inaima apa. Anatsika ambuje a kofia yoyera, anakwinya mkanjo, anathyola kamtengo. Analowa m'madzi, anayeza pakati, anabwerera, anayerekeza kamtengoko pa tayala. Anapitanso kachiwiri akuponda pansi kuti amve ngati pali dzenje. Ife tinati awa ndiye akudziwa. Anyamata a masiku ano amangolowa ngati mbuzi."

"Madzi anafika pati?"

"Sanafike theka la tayala. Ndinaona ndi maso. Analowa pang'onopang'ono, mwaulemu. Pakati penipeni inangotsokomola kamodzi, basi, zii."

"Kenako?"

"Anakhala mkatimo nthawi yaitali osatuluka, mpaka tinaopa. Amuna anayi ochokera kumaliro anaikankhira kumtunda kuno. Iwo anatsika, anafuna mwala, anaika kutayala. Ndinawapatsa chimanga, anakana. Ankangonena okha kuti madzi awa sangaphe galimoto, madzi awa sangaphe galimoto. Ndiye anaimba foni. Anabwera wa kapikapu, anawagwadira m'matope momwemo polankhula nawo."

Pobwerera, kumbuyo kwa njinga ya Wadi, sindinamve kukoma kumene ndimamva ndikamasula mlandu. Ndinali ndi chisoni, komanso ndinali wokwiya, ndipo zonse ziwirizi zinali pa munthu mmodzi.

*

Lachiwiri m'mawa ndinawapeza Che Jaffalie pakhonde lomwe lija. Sameer anali atapita kushopu kwake. Ndinakhala pamkeka, tinapatsana moni wonse mpaka kumapeto.

"Dzulo munagwada pagalimoto paja," anatero. "Ndinadziwa kuti mubweranso."

"Pepani maliro a Che Atumani."

"Sikomo." Anasuntha mkanda umodzi. "Ndinayenda naye zaka makumi awiri ndi zisanu, ine pachiwongolero, iye akumanga katundu. Foni inafika teni koloko itadutsa. Mvula ikuwaza, a njinga zamoto akukana njira ya matope. Ndinaima pabalaza paja, kiyi ali pamsomali. Ndinati munthu uyu wandiikira mwala kutayala pa chitunda chilichonse cha boma lino. Ine ndilephere kukamuponyera dothi katatu? Ndinatenga kiyi."

"Munafika nthawi yabwino?"

"Ndinanyamula nawo jeneza popita kumanda. Mwanangu, ine ndili ndi lamulo. Madzi akakhala pansi pa theka la tayala, dutsa pang'onopang'ono, osasintha giya. Akapitirira, zimitsa, dikira, ngakhale mawa. Ndaphunzitsa anthu ambiri lamulo limeneli, ndipo zaka makumi atatu ndi zinayi sindinaphepo injini. Lachisanu ndinayeza kawiri. Ndinaona pansi pa theka. Ndiye nditakhala m'madzi muja ndinati, basi, ana anga ananena zoona. Maso awa andinamiza ngakhale pa kamtengo."

"Manuel sanakuuzeni za paipi?"

"Ananena zina zake za paipi, mvula ikutikwapula. Ndinati mwanayu akungonditonthoza."

Ndinawapempha kuti tipite pagalimoto. Anayenda pang'onopang'ono, ndipo nditawalozera anagwada, bondo limodzi kenako linalo, n'kupisa dzanja kuseri kwa bampala. Anapapasa nthawi yaitali. Anatsata paipi ija ndi zala kukwera nayo m'mwamba, n'kutsikanso nayo.

"Mphuno ili pansi pano?"

"Kuyambira Lachitatu. Mayi wootcha chimanga pamtsinje paja akuti madzi sanafike theka la tayala."

Anakhala chogwada. Nkhope yawo inawala kanthawi kochepa, ngati ya munthu amene dokotala wamuuza kuti matenda si amene ankaopa aja. Kenako kuwalako kunachoka, ndipo anaoneka okalamba kuposa mmene ndinawapezera.

"Ndiye maso sananame," anatero. "Ndinamupempha Manuel kuti asauze munthu. Ndinati ndilonjeze, ndipo analonjeza. Tinaitsuka tonse awiri. Ndinkaganiza kuti Sameer adzakalipa, adzaitana makaniko, zidzatha. Lamlungu ndinamva kuti wapita kupolisi. Ndinati ndimuuza ikatha swala ya masana. Itatha ndinati ikatha ya madzulo. Swala zakhala zikutha, ine ndili pakhonde."

"Munkaopa chiyani?"

"Kukhalitsidwanso pansi ndi ana anga. Inu simunakalambe. Simudziwa mmene zimapwetekera mwana amene unamuphunzitsa kuyenda akamakuuza kuti khalani apa, musagwire icho."

Ndinali nditabwera ndi mawu olasa, koma sindinawagwiritse ntchito. Ndinawauza kuti zikhoza kutha mwakachetechete. Anene zimenezi muofesi, ndilembe, Sameer achotse dandaulo, Manuel atuluke lero lomwe. Manuel mwiniwake anali atandipempha kuti ndisawafunse pagulu.

Anagwira bampala n'kudzuka okha, anakana dzanja langa.

"Muofesi ndipita. Koma dzina la mwana uja linadetsedwa pamsika. Silingachapidwe muofesi."

*

Sameer anamva nkhaniyi muofesi mwanga, bambo ake akuinena.

"Ababa, bwanji simunandiuze?"

"Chifukwa ukanandiyang'ana mmene ukundiyang'aniramu."

Anasaina pepala lochotsa dandaulo osawerenga. Manuel atatulutsidwa n'kuwaona Che Jaffalie pabenchi, anandiyang'ana ine ndi diso loipa, ngati ndine ndamulakwira. Pa ntchito yathuyi zikomo sitimudalira.

Ntchito yanga inali itatha, koma ndinawatsatira kugalaja. Inali nthawi ya nkhomaliro, pamene madalaivala ndi makondakitala amadzaza pa malo odyera oyang'anana ndi galajayo. Ataona Che Jaffalie ena anaimirira, wina anathamanga ndi mpando. Iwo anakana mpandowo. Anaima pakati pa bwalo la oilo, pamene panalibe galimoto ngakhale imodzi, Manuel ali kumanja kwawo, Sameer ali chapatali maso ali pansi. Lusia anali pakhomo la galaja, manja atapinda pachifuwa.

"Ambiri a inu ndinakuphunzitsani kuwoloka madzi," anayamba, mawu osakweza, ndipo phokoso la mbale linaleka. "Lero ndikuwonjezera. Musanayeze madzi, funsani kumene galimoto ikupumira. Galimoto ya mwana wanga ndinaitenga ndine, popanda chilolezo. Ndinailowetsa mumtsinje ku Chowe ndine. Injini ija ndinapha ndine. Manuel anachenjeza, sanamveredwe. Anabwera kudzanditola m'matope, ndipo ndinamumanga pakamwa ndi lonjezo."

Dalaivala wina wonenepa, mmodzi wa amene anachotsa minibasi yake, anayesa kupeputsa nkhani. "Aa, mphunzitsi, zimachitika. Ngakhale nyani amagwa mumtengo."

Ena anaseka pang'ono, mofuna kuwathandiza.

"Musaseke," anatero Che Jaffalie. "Za injini sindikuchita nazo manyazi. Mwana uyu ndinamutola ku Chiponde ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, iye ndi mayi ake, nkhondo ili kumbuyo kwawo. Ndinawakweza pamwamba pa matumba a chimanga. Unali ulendo wa tsiku limodzi, sindinataye kanthu. Iye wausunga ulendo umenewo zaka zonsezi, mpaka kugona nawo mu selo masiku awiri. Ine masiku awiri omwewo ndinali pakhonde panga ndikudziwa."

Sameer anayandikira, anayamba kupepesa kuti, "A Manuel, mawu aja ndinanena Lachitatu..." Manuel anangogwedeza mutu, n'kutembenukira kwa okalambawo.

"Ababa, ine ndinalonjeza ndekha. Simukanayenera kubwera kuno."

"Iwe unasunga lonjezo. Ine ndinapempha chinthu chosayenera kupempha."

Ndinaganiza kuti zathera pamenepo, ndipo anthu ena anali atayamba kubwerera ku mbale zawo. Koma Lusia anachoka pakhomo paja n'kubwera pafupi. Anagwada pang'ono, monga mwa ulemu, ndipo analankhula motsitsa moti tinamva ndife oyandikira okha.

"Che Jaffalie, ndifunse chimodzi. A Sajeniwa akanapanda kubwera kwanu, mukanalankhula liti?"

Manuel anati, "Lusia," koma okalambawo anakweza dzanja kumuletsa. Anayang'ana pansi nthawi yaitali, mikanda ili lende m'dzanja. Yankho labwino linalipo, losavuta, ndipo tonse tikanalilandira. Akanangoti lero lomwe.

"Sindikudziwa, mwanangu," anatero. "Ndadzifunsa zomwezo njira yonseyi, ndipo sindikudziwa."

Lusia anawayang'ana, anagwedeza mutu kamodzi, n'kubwerera m'galaja. Manuel anatsala panja, akuyang'ana uku khomo limene mkazi wake analowera, uku munthu amene anamutola ku Chiponde, osasuntha phazi.